Nkhokwe Ziwiri Pansi pa Denga Limodzi

Usiku wa pa 9 kuchera pa 10 Malichi 2021, nthawi itangopitirira 12 koloko, belu lochenjeza za moto linalira pamalo ena m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, mumzinda wa Strasbourg ku France. Pamalopo panali nyumba zinayi za kampani ya OVHcloud, zotchedwa SBG1, SBG2, SBG3 ndi SBG4. M'nyumbamo simunkagona anthu, simunkagulitsidwa katundu. Munali makompyuta okhaokha, zikwi ndi zikwi. Ozimitsa moto oposa 100 anathamangirako, mpaka kunabwera ndi boti lopopa madzi mumtsinje, koma pomwe kunkacha SBG2, nyumba ya nsanjika zisanu, inali itasanduka chigoba chakuda chofuka utsi. Zipinda zinayi mwa 12 za SBG1 nazo zinapsa. Mwamwayi, palibe anafa.

Olira anali kutali. M'mawa womwewo anthu m'mayiko ambiri anadzuka n'kupeza mawebusayiti awo sakutseguka, makalata a pa intaneti sakulowa, masitolo awo a pa intaneti atsekeka okha. Kampani ya Netcraft, yomwe ntchito yake ndi kuwerenga zoterezi, inapeza kuti mawebusayiti pafupifupi 3.6 miliyoni anazima, ena mwa iwo a maboma. Eni ake ambiri anali asanapondeko ku Strasbourg. Ena sankadziwa n'komwe kuti katundu wawo amagona kumeneko. Iwo anangouzidwa kuti zinthu zawo zili pa cloud, ndipo mawu amenewa amatanthauza mtambo. Ndani angaganize kuti mtambo ungapse?

Nkhaniyi ndimaikumbukira chifukwa nanenso ndinapusitsidwapo ndi mawu amene ndinkawatchula tsiku ndi tsiku osadziwa chomwe chili kuseri kwake. Ndifikako. Tiyambe talowa m'nyumba ija isanapse, tione zomwe zinalimo.

Seva ndi kompyuta, basi. Kusiyana kwake ndi yanu ya patebulo ndi kwakuti iyo ntchito yake ndi kutumikira makompyuta anzake. Mukatumiza ndalama pa foni, mukayang'ana zotsatira za mayeso, mukatsegula Facebook, foni yanu imakhala ikupempha, ndipo kwinakwake kuli seva imene ikuyankha. Seva ya m'nyumba zikuluzikulu zija ilibe sikirini, ilibe kiyibodi. Ndi bokosi lachitsulo lophwatalala ngati dilowa, ndipo amalilowetsadi ngati dilowa m'kabati yachitsulo yaitali kuposa munthu. Kabati imeneyo ndiyo rack, ndipo imodzi imatha kunyamula maseva opyapyala oposa 40. Makabati akandandalikana m'mizere, mizere n'kudzaza zipinda, zipinda n'kudzaza nyumba, nyumbayo ndiyo data centre. Kampani ngati OVHcloud ndi landilodi. Wina amachita lendi seva yathunthu, wina amangotenga kachigawo ka seva imodzi yomwe yagawidwa kwa anthu angapo, monga mdadada wa zipinda za lendi ku Ndirande kapena ku Kawale: khomo lako ndi lako, koma khoma ndi denga n'zanonse. Kachigawo kameneko ndi komwe amati VPS. Lendiyo ndi imene amati hosting. Ndipo cloud ndi dzina lokometsera la zonsezi pamodzi. Mtambo umenewu uli ndi geti, uli ndi mlonda, ndipo umalandira bilu ya magetsi.

Magetsiwo ndiye moyo wake. Seva ikazimiridwa mwadzidzidzi ili mkati molemba, zomwe imalembazo zimatha kuwonongeka. N'chifukwa chake kunja kwa data centre kumakhala majenereta aakulu. Koma aliyense amene wakhalapo pa ofesi ya jenereta amadziwa kamdima kaja kapakati, magetsi atathima, jenereta isanagwire. Kwa munthu ndi kamphindi kongoti "aa, apitanso". Kwa seva ndi imfa. Chotseka mpata umenewo ndi UPS, makina okhala ndi mabatire amene amanyamula katundu yense kwa mphindi zochepa zimenezo. Ya pa ofesi yaing'ono munthu amainyamula m'manja. Ya ku data centre imadzaza chipinda chakechake, mabatire ali mbwee.

Kenaka kutentha. Seva iliyonse ndi kambaula kosazima usana ndi usiku, ndiye taganizani zikwi za timbaula m'nyumba imodzi. Ambiri amaziziritsa ndi makina odya magetsi ochuluka. A OVHcloud anatchuka ndi nzeru zochepetsa ndalama imeneyi, ndipo SBG2 anaimanga kuti mpweya wakunja uzilowa m'munsi, uzidutsa pa maseva, wotenthawo uzikwera wokha n'kutulukira pamwamba. Inali nzeru yabwino masiku onse, kupatula usiku umodzi. Amene anawotchapo njerwa akudziwa chimene mpweya wolowa m'makomo a uvuni umachita ndi moto.

Motowo unayambira m'chipinda cha magetsi, pansi penipeni pa nyumbayo, pamene panali ma UPS ndi mabatire. Chida chomwe anachiika kuti chiziteteza maseva ndicho chinali poyambira ngozi. UPS imodzi inali itangokonzedwa kumene ndi amisiri m'mawa wa pa 9 Malichi. Bungwe la boma la France lofufuza ngozi za m'mafakitale litatulutsa lipoti lake mu 2022, linanena kuti m'nyumbamo munali zida zodziwitsa kuti moto wabuka, ndipo zinagwira ntchito, koma munalibe zida zouzimitsa zokha. Ozimitsa moto nawo anavutika kudula magetsi a pamalopo, ndipo sungathire madzi momasuka m'chipinda momwe magetsi amphamvu akuyendabe. Pamene magetsi ankadulidwa, moto unali utakwera kale.

M'mawa mwake Octave Klaba, amene anayambitsa kampaniyi mu 1999, analemba pa Twitter kuti moto wawononga SBG2, antchito onse ali bwino, ndipo analangiza makasitomala kuti ayambe kutsatira Disaster Recovery Plan yawo. Imeneyi ndi ndondomeko imene bungwe limalemba kukadali bata, yofotokoza chomwe lidzachite zinthu zikadzavuta: kope lina la data lili kuti, adzalitenga ndani, adzaliika pa seva iti, ndipo zidzatenga maola angati kuti ntchito iyambirenso. Makasitomala ena anali nayodi. Anasamutsira ntchito zawo ku maseva a mumzinda wina, pofika madzulo anali akugwira ntchito ngati palibe chachitika. Ena ambiri mawuwo anawamva koyamba tsiku limenelo, nyumba itapsa kale. Anafunsa kuti batani la ndondomekoyo lili pati, poganiza kuti ndi chinthu chimene landilodi amapereka pamodzi ndi kiyi. Kampani ya Facepunch, eni ake a masewero a pa kompyuta otchedwa Rust, inalengeza poyera kuti maseva ake 25 a ku Ulaya apsa ndipo zomwe zinali mmenemo sizidzabwereranso. Awo ndi masewero, munthu angathe kuseka. Koma m'maseva ena munali mabuku a ndalama, mayina a makasitomala ndi ntchito ya zaka zambiri.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri si osakonzekawo. Ndi aja amene anakonzeka, kapena tinene kuti ankaganiza kuti akonzeka. Kampani ina ya ku France yotchedwa Bati Courtage inkalipira ndalama yapadera kuti data yake izikopedwa yokha ndi kusungidwa padera. Kope lotere ndilo amati bakapu. Mgwirizano wake unkasonyeza kuti makopewo amasungidwa motalikirana ndi seva yeniyeni. Moto utazima kunadziwika kuti seva ndi makope ake onse zinali m'nyumba imodzi. Mu 2023 khoti la zamalonda la ku Lille linagamula kuti OVHcloud inalakwa pamenepa, ndipo linagamulanso chimodzimodzi pa mlandu wa kampani ina yotchedwa Bluepad. Za kukula kwa chipukuta misozi anapitiriza kukanganirana m'makhoti, koma ngakhale khoti lalikulu bwanji silingalamule phulusa kuti libwerere kukhala disiki.

Agogo athu nzeru imeneyi anali nayo popanda kompyuta. Chimanga chodya chinkakhala m'nkhokwe, koma chambewu ankachipachika kwina, kutsindwi la khitchini komwe utsi umathamangitsa anankafumbwe. Mwini mbuzi zambiri ankaikiza ziwiri zitatu kwa mlongo wake kutsidya la mtsinje, kuti matenda kapena fisi akalowa m'khola lino, mbewu ya mbuzi isatheretu. Mawu ake ndi amenewo, kuikiza. Chinthu choikiza chimachoka pakhomo. Chikakhala pakhomo pomwepo ndiye kuti mwangochisuntha.

Ndipo si makampani ang'onoang'ono okha amene amalephera kuikiza. Pa 26 Seputembala 2025 moto unabuka ku data centre ya boma la South Korea mumzinda wa Daejeon, dziko lomwe pa zamakompyuta lili patsogolo kwenikweni. Unayambira pa batire, pamene amisiri ankasamutsa mabatire a UPS. Ntchito za boma mazanamazana zinaima. Zambiri anazibwezeretsa, koma malo otchedwa G-Drive, momwe ogwira ntchito m'boma ankasungamo mafayilo awo, analibe kope kwina kulikonse, chifukwa ankati ndi aakulu kwambiri kuti akopedwe. Data yokwana ma terabyte 858 inapita.

Tsopano zanga.

Zaka zingapo zapitazo ndinali mlembi wa komiti ya kabungwe kena kosunga ndi kubwereketsa ndalama, pa boma lina lomwe sinditchula. Mamembala ambiri anali alimi ndi aphunzitsi. Titapeza thandizo, tinagula seva ndi pulogalamu yosungira maakaunti, ndipo tinanyada. Kachipinda komwe kale tinkasungamo matsache ndi mipando yothyoka tinakapenta, tinaika loko watsopano, n'kuyamba kukatcha "ku seva". Mlendo aliyense wolemekezeka tinkamutsegulira kuti asuzumire. Munali bokosi lakuda pansi pa tebulo, timagetsi tobiriwira tikuphethira, fani ya pakhoma ikuzungulira, ndi UPS yaing'ono pambali. Pamwamba pa bokosilo panali kadisiki kakunja, kakukula ngati sopo wochapira, kolumikizidwa ndi kachingwe kafupi. Kameneko ndiye kanali bakapu yathu.

Mnyamata amene anatiikira makinawa ankachokera ku Lilongwe, ndipo ndimuchitire chilungamo, ananena. Ndikukumbuka ali chogwada pansi, akumanga zingwe.

"Bwana, kadisiki aka musamakasiye pano. Mugule kena, muzisinthanitsa, kamodzi kazikagona kunyumba kwa munthu."

A manijala anaseka. "Achimwene, mwatiuza nokha kuti m'bokosimo muli madisiki awiri. Aka n'kachitatu. Mukufuna tigule angati?"

Madisiki awiri a m'bokosi ankanenawo ndi amene amati RAID. Chimene seva yalemba pa disiki imodzi imalembanso pa inzake nthawi yomweyo, kuti imodzi ikatopa n'kufa, ntchito isaime. Ndi chinthu chothandiza, koma anthu ambiri amachisokoneza ndi bakapu. Mukafufuta fayilo molakwitsa, imafufutika pa madisiki onse awiri m'kuphethira kwa diso. Kachilombo ka pa kompyuta kakalowa, kamadya mbali zonse. Ndipo poti onse amayamwa magetsi pa bere limodzi, chobwera ndi magetsi chimawapeza pamodzi. Mnyamatayo anayesa kufotokoza zimenezi, koma galimoto yomuperekeza kudepoti inali italiza kale hutala. Ine ndinali pomwepo, ndi buku la maminitsi m'manja. Sindinalembe kanthu.

Chimene ndinkalemba mwezi ndi mwezi, pa lipoti la ku komiti, chinali chiganizo chimodzi: bakapu ikuchitika usiku uliwonse. Ndinkafunsa amayi a ku akaunti, iwo ankasuzumira kuchipinda kuja, ankaona kagetsi ka kadisiki kakuyaka, ankati ikuchitika. Ine ndinkasayina. Palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene wina wa ife anati tiyeni titsegule kadisikika tione ngati muli kanthu. Safunsa anadya phula, ndipo ife tinadya ndi njuchi zomwe.

UPS ija nayo inali itayamba kulira. Batire la UPS yaing'ono limatha pakapita zaka zochepa, makamaka kuno kumene magetsi amathimathima ndipo kumatentha, ndipo likatha makinawo amalira kuti tsii, tsii, osaleka. Kulirako kunkasokoneza makalaliki. Tsiku lina wina wanzeru zake anaizula, n'kulumikiza seva molunjika kukhoma. Ofesi inakhala chete, tonse tinapuma. Mtengo wa batire latsopano tinauika pa zokambirana za komiti, ndipo unkasunthidwa kuchoka mwezi uno kupita mwezi wamawa, pansi pa mutu wa zina ndi zina.

Mphezi inagwa Loweruka lina masana mu Disembala, mvula yoyamba yeniyeni ya chaka chimenecho. Sinagwe pa ofesi pathu n'komwe. Inamenya kwinakwake pa mawaya, mphamvu yake n'kuyenda m'nyumba za mzere wonse. Kwa aneba inapsereza mafiriji ndi ma TV. Lolemba m'mawa amayi a ku akaunti atatsegula ku seva anamva fungo la pulasitiki wopserera. Timagetsi tonse tinali titazima, ka pakadisiki komwe.

Panja panali mzere. Disembala ndi mwezi wa feteleza, ndipo Januwale wa fizi ali pakhomo. Anthu anabwera kudzatapa ndalama zawo, ena kudzabweza ngongole, ndipo ife sitikanatha kuuza munthu ndi mmodzi yemwe kuti ali ndi zingati. A manijala anatuluka n'kunena kuti netiweki yavuta, mawu omwe Amalawi tinazolowera kuwalandira osafunsa. Mawuwo anagwira ntchito masiku awiri. Tsiku lachitatu mphekesera inali itafika kumsika kuti ndalama zadyedwa, ndipo mayi wina wogulitsa tomato anandiimitsa panjira n'kundifunsa, mwaulemu ndithu, ngati njinga yamoto yomwe ndinkakwera inali yangayanga.

Ndinanyamula seva ndi kadisiki m'katoni, ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe, katoni ili pamiyendo ngati mwana wodwala. Madisiki awiri a m'seva anali atafa onse. Kadisiki kakunja kanali ndi mwayi pang'ono: chomwe chinapsa ndi kabolodi ka magetsi, mbale zosunga data zinali bwino, ndipo mmisiri wina wodziwa anakwanitsa kukawerenga patapita masiku anayi. Ndinatsala pang'ono kuvina m'shopu mwake. Kenaka anatembenuza sikirini kuti ndione.

"Akulu, fayilo yomaliza ndi ya mu Epulo."

Kadisikiko kanadzaza mu Epulo. Kuyambira pamenepo, usiku uliwonse pulogalamu inkayesa kukopa, inkalephera, inkalemba uthenga wodandaula pamalo pomwe panalibe woyang'anapo. Kagetsi kaja kankayaka chifukwa kadisiki kanali pa magetsi, osati chifukwa kankagwira ntchito. Miyezi isanu ndi itatu ndinasayina bodza ndi cholembera changa, ndipo m'miyezi imeneyo munali nyengo yonse yogulitsa mbewu, pamene alimi amasungitsa ndalama zambiri kuposa nthawi ina iliyonse.

Akatswiri ali ndi kalamulo kawo kosavuta kukumbukira, ka 3-2-1: makope atatu a data, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi mwa makopewo likhale kutali. Mmisiri uja anandilembera manambalawo kuseri kwa lisiti. Anawonjezera kuti iye bakapu imene sanaibwezeretsepo pa kompyuta ina n'kuiona ikutseguka saiwerengera. Ndinamulipira ndalama yoposa mtengo wa mabatire angapo a UPS ndi kadisiki kachiwiri kaja pamodzi.

Chinatipulumutsa ndi chinthu chomwe ineyo ndinafuna kuchithetsa. Seva itangofika, ndinabweretsa ganizo pa msonkhano waukulu wa pachaka kuti timabuku ta mamembala tithe. Kusindikiza kunkadya ndalama, kudinda sitampu pa kabuku kalikonse kunkachedwetsa mzere, ndipo zonse zinali kale mu kompyuta. Ndinayankhula bwino tsiku limenelo, mpaka aphunzitsi anaombera m'manja. Alimi anakana. Analibe mfundo zazitali, ankangoti ndalama yathu tiziiona ndi maso. Anatiposa mavoti, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudandaula za umbuli. Choncho kalaliki aliyense anapitiriza kulemba pa kompyuta, kulemba pa lisiti ya kaboni, n'kulembanso m'kabuku ka membala. Mabuku a malisiti ena anali m'kabati, ena anali atanyowa ndi denga lodontha, ena osaoneka. Koma timabuku tija tinali titamwazikana m'midzi yoposa makumi awiri, m'masutikesi, pansi pa matiresi, m'zitini za mabisiketi. Panalibe mphezi yomwe ikanatipeza tonse tsiku limodzi.

Tinalengeza m'matchalitchi, m'mizikiti ndi kudzera kwa mafumu kuti membala aliyense abwere ndi kabuku kake. Tinakhala milungu isanu ndi umodzi tikulowetsa manambala m'seva yatsopano, mzere ndi mzere, kuyerekeza ndi malisiti omwe anapulumuka. Khirisimasi ya chaka chimenecho ndinadyera mu ofesi. Sizinatheke zonse. Panali ena otaya timabuku, ena omwe kalaliki anaiwala kuwadindira, ndipo pa maakaunti angapo komiti inangogwirizana ndi mwini wake pa nambala yomwe aliyense akanatha kuipirira. Mamembala ena anatapa zawo zonse n'kuchoka, osabwereranso.

Sabata yomaliza kunabwera bambo wina wachikulire, mmodzi mwa aja anakana ganizo langa. Anayenda pa njinga kuchokera kumudzi wa kumalire kwa dera lathu. Anakhala pampando, anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa pepala la shuga lopindidwa bwino, analimasula pang'onopang'ono, ndipo m'katimo munali kabuku kake, kouma, kopanda banga. Mizere inali yambiri chifukwa ankasungitsa pang'onopang'ono, sabata ndi sabata. Nthawi inali itadutsa 4 koloko, kunja kukuchita mdima wa mvula, ndipo maso anga anali atatopa.

"Agogo, bwanji mukasiye kabukuka, ndilowetse mawa m'mawa? Mudzakapeza Lachisanu. Tikatsekera mu sefa."

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana chitseko cha ku seva, chomwe chinali chotsegula, timagetsi tatsopano tikuphethira mkatimo.

"Iyayi, mwana wanga. Lembani ndili pompano, ndidikira. Kabuku aka kamagona kwathu."

Ndinakoka kiyibodi, n'kuyamba ndi mzere wa mu Epulo.